Munditsitse pano: mmene ana anga a Giredi 11 anapangira filimu ya mphindi 7 ku Chipata

Gulu loyamba litaima kutsogolo kwa kalasi, mnyamata wowatsogolera anatsegula kope n'kuyamba kuwerenga mokweza. Filimu yawo inkayambira pabwalo la ndege ku Lusaka. Bwana wina wolemera akutsika ndege, achifwamba akumudikira panja ndi mfuti, magalimoto awiri akuthamangitsana, ina ikugubuduzika n'kuyaka moto. Anzake anaomba m'manja mpaka a m'kalasi yoyandikana anasuzumira pawindo. Ine ndinafunsa funso limodzi lokha: "Galimoto yoti tiwotcheyo tiitenga kuti, ana anga?" Mnyamatayo anayang'ana anzake, anzakewo anayang'ana pansi.

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale muno mu Chipata, ndipo ndimayang'anira kalabu ya masewero. Zimene ndikusimbazi zinachitika mu temu yachiwiri ya 2024, chaka chimene chinayamba motsimphina. Sukulu zinatsegulidwa mochedwa, pa 12 Febuluwale, chifukwa cha kolera. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo pofika nyengo yozizira malaiti ankathima maola ambiri tsiku lililonse poti madzi ku Kariba anali atatsika. M'chaka choterocho ndinawapatsa ana 24 ntchito yoti apange filimu yaifupi ndi mafoni, aionetse sukulu isanatsekere. Ndikulemba kuti aphunzitsi anzanga ndi ana asukulu amene apatsidwa ntchito ngati iyi asagwe m'maenje amene ife tinagwamo.

Ndinawagawa m'magulu anayi, gulu lililonse libwere ndi nkhani yake, liifotokoze m'mphindi zitatu, kenaka kalasi yonse isankhe imodzi. Ndinalemba pabolodi mafunso atatu oti gulu lililonse liyankhe: munthu wa m'nkhani yanu akufuna chiyani, chikumutsekereza n'chiyani, ndipo malo onse ojambulira tingafikeko wapansi kodi? Funso lachitatulo ndi limene linapha filimu ya ku Lusaka. Linaphanso ya gulu lachiwiri, imene inkafuna mkango wa ku Mfuwe. Gulu lachitatu linkafuna kukajambula kudambwe, ndipo apo ndinakana ndisanamve n'komwe nkhani yonse. Gule Wamkulu ndi chuma chathu, UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo aliyense akhoza kukamuonera pabwalo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti. Koma kudambwe kuli eni ake ndi malamulo ake. Mwana wasukulu sapitako ndi foni m'manja chifukwa choti aphunzitsi apereka pulojekiti.

Gulu lachinayi linatuma mtsikana wina wosalankhulalankhula, wa aja okhala kumbuyo kufupi ndi khoma. Analibe kope. Anati: "Yathu ndi ya mtsikana amene atate ake ndi anjinga. M'mawa uliwonse amamukweza kupita naye kusukulu. Akafika pamtengo wa mango, geti isanaoneke, iye amati, atate munditsitse pano. Atatewo safunsa chifukwa chake." Anaima pomwepo. Wina anafunsa kuti kenaka chikuchitika n'chiyani. Iye anati tsiku lina mtsikanayo waiwala kope, atate ake alibweretsa mpaka pageti thukuta lili kamukamu, mnzake wina akuti, iwe, wanjinga uja akukuitana. Mtsikanayo akuyankha kuti, ee, ndi wanjinga chabe amene amandinyamula. Atatewo amva. Akumupatsa kope lija ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwaiwala kope lanu, amayi," monga amalankhulira ndi kasitomala.

Palibe anaomba m'manja. M'kalasimo munangoti zii, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti filimu yapezeka. Aliyense wokhala mu Chipata amawadziwa anjinga. Ali pa Kapata, ali pa Saturday Market, ali ku Down Shops, amanyamula anthu pa kushoni ya pakaliyala, matumba a makala, mabanzi, nkhuku, ngakhale mbuzi. Timawakwera tsiku ndi tsiku, timakangana nawo mtengo, koma ndi angati mwa ife amadziwa kuti wanjingayo ali ndi mwana mu Giredi 11? Mwa ana anga 24, oposa theka anali ndi atate, amalume kapena achimwene amene amadyera m'mapedulo. Anavota, nkhani ya njinga inapambana patali.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga yonse. Nkhani yapafupi ndi yokoma kujambula, koma ili ndi eni ake, ndipo eni akewo ali moyo, tikumana nawo mumsewu mawa. Anzake atatuluka ndinamuitana mtsikana uja. Ndinamufunsa ngati nkhaniyo ndi yake. Anagwedeza mutu, misozi ili lengelenge. Ndinamuuza kuti sitijambula kalikonse mpaka iye ataiganizira bwino kwa masiku awiri, ndiponso mpaka titakaonana ndi atate ake. Ndinamuuzanso kuti akasintha maganizo, kalasi ndiiuza kuti ndine ndakana, iye asadere nkhawa. Patapita masiku awiri anabwera n'kunena kuti akufuna ipangidwe, koma iye sadzasewera. Akufuna akhale kumbuyo kwa foni, azinena pomwe ayambire ndi pomwe aime. Umo ndi mmene tinapezera wotsogolera filimu.

Kwawo ndinapita Lamlungu masana, kukomboni, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene atatewo amaweruka msanga. Ndinawapeza atatembenuza njinga miyendo m'mwamba, akuthira oyilo patcheni. Amayi a panyumbapo anandiyalira mphasa. Titapatsana moni ndi kufunsana za njala ya chaka chimenecho, ndinafotokoza chimene ndadzera, ndikusankha mawu ngati ndikuyenda paminga. Anamvetsera osandidula, chala chili pa sipoko. Nditamaliza anati: "Aphunzitsi, ine ndimadziwa chifukwa chake amatsikira pamtengo paja. Ndinachidziwa tsiku loyamba lomwe. Ndinangoti mwana akula, ndisamuumirize." Mwana wawo anali atakhala pakhomo la khitchini, akumva zonse.

Anavomera, koma anaika malire awo. Nkhope yawo isaoneke, dzina lawo lisatchulidwe, ndipo nyumba yojambulira isakhale yawo. Njinga anati atibwereka. Apa ndinatsala pang'ono kulakwa, chifukwa ndinathokoza ngati kuti andibwereka khasu. Ndi amayi aja amene anandikumbutsa mofatsa kuti, "Njingayi ikakhala kwa inu, pano sipaphikidwa." Zoonadi. Njinga ya wanjinga ndi munda wake, ndi sitolo yake. Tinagwirizana kuti tizijambula Loweruka m'mawa ndi Lamlungu madzulo, ndipo tiziwalipira ndalama imene akadapeza m'maola amenewo. Mwana aliyense anasonkha K10, ine ndinaonjezerapo. Ndalama zambiri za filimu yathu zinapita pamenepo, ndipo sindidandaula ngakhale ngwee imodzi. Ngati mukubwereka chinthu chimene munthu amadyera, kaya ndi njinga, makina osokera kapena tebulo la pamsika, werengerani mtengo wake musanapemphe.

Mbali ya atate inaseweredwa ndi abambo ena amene amasamala dimba la pasukulu, amenenso anapalasapo njinga ya hayala ali anyamata. Eni njinga aja anawaphunzitsa okha mmene amaimira pasiteji ya njinga podikira makasitomala, mmene amapukutira kushoni ndi kansalu kasitomala asanakwere, mmene amatsikira n'kukankha pachitunda. Tinthu timeneti sitikadatidziwa tokha, ndipo ndi timene tinapangitsa anthu kukhulupirira filimuyo.

Sabata ziwiri zoyamba foni sinagwire ntchito. Ana anang'ung'udza, ankafuna kujambula tsiku lomwelo. Ndinawauza kuti filimu imayambira papepala. Opanga mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi la sikiriputi, kapena kuti nkhani ya filimu yolembedwa papepala, ndi pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, choncho ndinawaikira malire a masamba asanu ndi awiri. Zoyamba kulemba zinafika masamba 19, aliyense m'nkhanimo akulankhula ngati mlaliki. Atate ankafotokoza kwa tsamba lathunthu mmene amavutikira kuti mwana aphunzire. Ndinawafunsa kuti, atate anu analankhulapo chonchi? Anaseka n'kunena kuti ayi. Ndiye tinafufuta, m'malo mwake tinaika chithunzi cha atate akuwerenga makobidi pa kandulo, n'kupatula ena kuika m'thumba la yunifolomu ya mwana imene yapachikidwa pamsomali. Mawu palibe, koma zonse zanenedwa.

Mkangano waukulu unali wa mathero. Anyamata ankafuna atate agundidwe ndi lole pa Great East Road, mtsikana akalire pamanda n'kupepesa. Wotsogolera wathu anakana kwamtuwagalu. Anati, "Atate anga sanafe. N'chifukwa chiyani afe kuti mwana awaone?" Mathero ake anali awa: m'mawa wotsatira afika pamtengo wa mango, atate agwira okha mabuleki osauzidwa, aika phazi pansi. Mtsikana satsika. Akhala chete, dzanja lake ligwira malaya a atate ake kumbuyo. Filimu ithera pomwepo. Ndinaima kumbali yake, ndipo mpaka lero ndimaona kuti mwanayo ankadziwa bwino kuposa tonsefe.

Panalinso za chilankhulo. Ena ankati tichite m'Chingelezi kuti aphunzitsi atipatse mamakisi ambiri. Koma wanjinga wa mu Chipata salankhula Chingelezi ndi mwana wake m'mawa. Tinasiya aliyense alankhule mmene amalankhulira: atate Chichewa cha kumudzi, atsikana pageti Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chingelezi. Kusiyana kumeneko pakokha kunasimba theka la nkhani. Chingelezi tinachiika m'mawu olembedwa pansi pa chithunzi, ndipo aphunzitsi a Chingelezi anachiwerengera ngati ntchito yomasulira.

Titamaliza sikiriputi tinajambula timabokosi m'kope, bokosi lililonse likuimira chithunzi chimodzi: apa tikuona msewu wonse ndi mtengo patali, apa anthu awiri kuyambira m'chiuno, apa phazi lokha papedulo. Sizifuna luso, anthu a timitengo akukwana. Timabokosi tinakwana 46, ndipo tsiku lojambula mwana mmodzi ankangochonga limene latha. Pogawa ntchito aliyense ankafuna kuoneka, pomwe osewera ankafunika asanu okha. Ndinawauza kuti maina onse adzalembedwa kumapeto, aliyense ndi ntchito yake: wogwira foni, womvetsera mawu, wosunga zovala, wolondolera anthu odutsa, wosunga ndalama, wodula ndi kulumikiza. Ntchito ya mawu palibe anaifuna. Ndinaipereka kwa mnyamata amene anatsala, osaiganizira kwambiri, ndipo tinalipira mtengo wake.

Zilolezo musazinyoze. Pasukulu pathu ana saloledwa kubwera ndi mafoni, choncho ndinalemba kalata kwa ahedi, mafoni awiri okha n'kuloledwa, ndipo ankasungidwa ndi ine. Makolo a mwana aliyense wooneka mufilimu anasaina kapepala kamene ndinalemba m'Chichewa, konena komwe filimuyo idzaonetsedwe. Ambiri mwa anawa anali asanakwane zaka 18, ndipo kuika nkhope ya mwana wa eni pa intaneti popanda makolo kudziwa ndi kuputa mlandu. Mayi mmodzi anakana kuti mwana wake aoneke pa Facebook, ndiye mwanayo anagwira ntchito ya zovala. Pasiteji ya njinga tinayamba kaye taonana ndi atcheyamani awo. Tsiku lina tinayesa kujambula kufupi ndi msika osapempha, mayi wina wogulitsa tomato anatikalipira kuti tikufuna kumuseketsa pa mafoni. Anali ndi chifukwa chomveka. Tinapepesa, tinafufuta iye akuona, tinabwerera.

Loweruka loyamba la Julaye tinajambula sini, kapena kuti chigawo cha filimu, ya pamtengo wa mango. Kunali kozizira, mphepo ikuomba monga imachitira miyezi imeneyo, fumbi likuuluka. Pa sikirini ya foni zinthu zinkaoneka bwino kwambiri, ana anabwerera akuvina. Madzulo titalumikiza ku sipika, tinangomva phuu, phuu, ngati munthu akupemerera moto. Mawu aja amene filimu yonse yatsamirapo, munditsitse pano, sanamveke n'komwe. Foni inali patali mamita angapo, ndipo kamaikolofoni kake kanatola mphepo, tambala ndi chigayo cha kutsidya, n'kusiya mwana. Tsiku lonse linapita pachabe, pamodzi ndi ndalama ya njinga ya tsikulo.

Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu osamveka sawapirira, amayamba kucheza. Chimene chinatipulumutsa ndi foni yachiwiri. Tinaitsegula pojambulira mawu pokha, tinaiveka sokosi yaubweya kuti itchinge mphepo, n'kuibisa pafupi ndi olankhula: m'thumba la malaya a atate, m'chikwama cha mtsikana chotsegula pang'ono, nthawi zina kuimangirira kunsungwi mwana n'kuigwira pamwamba pomwe siikuoneka. Tisanayambe chithunzi chilichonse, mwana mmodzi ankaima kutsogolo, kutchula nambala ya bokosi n'kuomba m'manja kamodzi. Kuomba kumeneko kumaoneka pachithunzi, kumamvekanso pa mafoni onse awiri, ndiye polumikiza umangofananiza pamenepo. Pamalo aliwonse tinkajambulanso mphindi imodzi ya phokoso la malowo anthu onse ali chete, yoti tidzatsekere mipata podula. Mnyamata wa mawu uja ndinamupatsa mahedifoni ndi ulamuliro woimitsa aliyense, ngakhale ine. Pofika sabata yachitatu ankadziwa nthawi imene chigayo chimazima ndi nthawi imene kwaya ya tchalitchi choyandikana imayamba kuyeserera.

Ana a kalabu yanga anazolowera pasiteji ya zisudzo, kukonzekera mipikisano ya NASAAZ, bungwe la zaluso m'masukulu, kumene uyenera kukweza mawu ndi kutambasula manja kuti wakumbuyo kwa holo akuone. Kamera ndi ina. Ili pafupi ngati munthu amene wakhala nawe pamphasa, imaona ngakhale kuphethira. Mtsikana wosewera mwana uja poyamba ankagwira pamtima n'kugwedeza mutu kusonyeza manyazi. Wotsogolera anamuuza kuti, "Usachite kalikonse. Ungoyang'ana nsapato zako, uwerenge mpaka faifi mumtima." Chithunzi chimenecho ndi chimene chinaliza anthu. Abambo a kudimba aja, amene sanakwerepo siteji chibadwire, sanavute n'komwe, ankangokhala mmene alili.

Foni muziigwira chopingasa nthawi zonse, osati choimirira ngati za pa TikTok, apo ayi pakhoma padzaoneka kachithunzi kowonda pakati pa mdima. Muziika pa flight mode kuti wina asaimbe pakati pa sini, zimene zinatichitikira kamodzi. Pukutani kagalasi ka kamera, dinikizani chala pa sikirini pamene pali nkhope ya wosewera kwa kanthawi kuti kuwala kusamasinthesinthe, ndipo musakoke chithunzi ndi zala, yandikirani ndi miyendo. Dzuwa la masana limaika mithunzi m'maso, choncho tinkajambula lisanakwere kapena likupendeka, mapiri ozungulira tauni yathu atayamba kufiira. Cha m'nyumba tinajambula chitseko chili chotsegula, mwana wina atagwira katoni yomatidwa pepala loyera kubwezera kuwala kunkhope. Choimikira foni tinalibe, mpando ndi njerwa zinagwira ntchitoyo. Zithunzi za njinga ikuyenda tinajambula wogwira foni atakwera pa kaliyala ya njinga ina, m'kamsewu kafumbi kopanda magalimoto. Kumsewu waukulu ndinaletsa, ngakhale ana anachonderera. Palibe chithunzi chimene chingalipire mwendo wa mwana wa eni.

Kanthu kena kakang'ono kanatidyera Lamlungu lathunthu. Abambo osewera atate aja anakameta pakati pa sabata, ndevu zonse mbee. M'filimu akuchoka kunyumba ali ndi ndevu, akufika pamtengo alibe. Tinabwereza sini ziwiri. Kuyambira pamenepo wosunga zovala ankajambula chithunzi cha wosewera aliyense tsiku lililonse, ndipo malaya a m'filimu ankagona m'chikwama chake, osapita kunyumba kukachapidwa.

Za malaiti ndi malo osungira zinatisautsa koposa. Kanema wooneka bwino wa mlingo wa 1080p amadya malo msanga, mphindi imodzi ikhoza kupitirira 100 MB, ndipo mafoni athu a Tecno ndi Itel anali odzaza kale ndi nyimbo. Usiku woti mawa tijambula tinkachotsa zonse zosafunika ndi kutchajitsa pa babashopu ina ya sola, n'kubwereka power bank. Tikaweruka, zonse zinkakoperedwa malo awiri tsiku lomwelo, pa laputopu yanga ndi pa fulashi, mafayilo n'kupatsidwa manambala a mabokosi aja. Musatumizirane zidutswa pa WhatsApp mwachizolowezi, chifukwa imazifinya chithunzi n'kukhala chosaoneka bwino. Ngati palibe njira ina, tumizani ngati document, koma bandulo idzalira. Chingwe ndiye chabwino. Foni imodzi inagwa pasini yomaliza, sikirini n'kufa, koma poti za dzana ndi dzulo zinali kale pa fulashi tinangotaya za m'mawa umenewo.

Kudula ndi kulumikiza kunachitika pa foni, ndi pulogalamu yotchedwa CapCut, ana atatu atapanikizana pa desiki limodzi. Zonse zimene tinajambula zinapitirira ola limodzi ndi theka, filimu inatuluka ya mphindi 7. Kutaya kumawawa. Panali sini ina yokongola ya anjinga akuseka pasiteji, imene ana ankaikonda kwambiri, koma tikaichotsa nkhani sinkasowa kanthu, ndiye inachoka. Ndinawaletsanso tizokometsera tija ta zithunzi zozungulira ndi zothwanima. Nyimbo ankafuna kuika ya woimba wina wotchuka, koma nyimbo ili ndi mwini wake, kuno kwathu za umwini wa nyimbo zimayang'aniridwa ndi bungwe la ZAMCOPS, ndipo Facebook ndi YouTube zimatha kuzimitsa mawu a kanema amene watenga nyimbo ya eni. Mnyamata wina anabwera ndi kalimba ya agogo ake, anaimba kanyimbo kake kake m'kalasi yopanda anthu. Kwina konse kunkangomveka kulira kwa tcheni ndi belu la njinga.

Tisanaonetse sukulu yonse, tinakaonetsa kaye eni nkhani kunyumba kwawo, pa laputopu, ndipo ndinawauza kuti chimene sachifuna tichotsa. Anaonera kawiri. Anapempha chinthu chimodzi, kuti tichotse chithunzi chimene chinkaonetsa bwino chizindikiro cha pa madigadi ya njinga yawo, poti anzawo akadaizindikira asanafune iwo eni kunena. Tinachotsa usiku womwewo.

Kuonetsa nakonso kumafuna kukonzekera ngati kujambula komwe. Pulojekita tinabwereka, sipika tinabwereka kutchalitchi, jenereta kwa kholo lina chifukwa malaiti sitikadawadalira. Tinayesa zonse dzulo lake m'holo momwemo, ndipo n'pamene tinazindikira kuti chingwe cha sipika sichilowa pa laputopu, tinapeza nthawi yosaka china. Mawindo tinatchinga ndi mabulangete, jenereta tinaiika kutali kuseri kwa khoma kuti isamize mawu. Ana atatu anayeserera zolankhula: mmodzi anene m'mawu ochepa kuti filimuyo ndi ya chiyani popanda kuulula mathero, wina afotokoze mmene anagwirira ntchito ndi ndalama zimene zinalowa, wachitatu ayankhe mafunso. Ndinawaletsa kuyamba ndi kupepesa kuti foni inali yotchipa kapena nthawi inachepa. Anthu aone okha, afunse okha.

Holo inadzaza. Poyamba ana a Giredi 8 ankakuwa akaona malo amene akuwadziwa, uyo mtengo uja, iyo geti yathu. Itafika sini ya kope, abambo aja akutambasula manja awiri n'kunena kuti mwaiwala kope lanu amayi, phokoso lonse linatha. Ndinaona aphunzitsi ena aamuna akuyang'ana kudenga. Pa mafunso mwana wina anaimirira n'kufunsa kuti, nanga anatsika kapena sanatsike? Wotsogolera wathu, uja wosalankhulalankhula, anatenga maikolofoni n'kuyankha kuti, "Iwe ukadatsika?" Ahedi anapempha kuti filimuyo idzaonetsedwenso pa msonkhano wa makolo.

Eni njinga anali atakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pabondo. Anthu atatuluka anandiyandikira. Anati, "Aphunzitsi, mwalakwitsa pamodzi. Wanjinga akanyamula mwana wake saliza belu chonchija, belu ndi la makasitomala." Kenaka anatulutsa kafoni kawo ka mabatani, anachotsa memore khadi n'kundipatsa kuti ndiwaikiremo, akufuna akaonetse anzawo pasiteji. Ndikukopera, anafunsa kuti sipika ija ibwerera bwanji kutchalitchi. Ndinati sindinapeze wonyamula. Anaitulutsa okha, anaikhazika pa kaliyala pageti penipeni, ana asukulu ali piringupiringu potuluka. Anamasula malegeni, n'kuitana mwana wawo kuti adzagwire mbali inayo. Anabwera ali mu yunifolomu, anaika chikwama pansi, anakoka legeni n'kuponda tayala kuti njinga isasunthe, atate ake akumanga mfundo.